Mafunso Anu: Amisiri a ku Switzerland Amene Anayambira pa Ntchito ya Manja

Bambo, mwana wanga woyamba ndi kalipentala, amapanga zitseko ndi mafelemu. Tsopano akuti akufuna kukaphunzira zojambula mapulani a nyumba. Bambo ake akuti kalipentala ndi kalipentala basi, asalote zapamwamba. Kodi alipo munthu amene anachokera ku matabwa n'kufika kumeneko?
*Mayi wa ku Luchenza*

Mayi, alipo, ndipo ndi mmodzi mwa anthu amene ndimawalemekeza kwambiri pa ntchito yathuyi yojambula mapulani a nyumba. Dzina lake ndi Peter Zumthor. Anabadwira mumzinda wa Basel ku Switzerland mu 1943, ndipo bambo ake anali mmisiri wopanga makabati ndi mipando. Mu 1958, ali ndi zaka 15, anayamba kuphunzira ntchito yomweyo. Kenaka anapita kusukulu ya luso ku Basel komweko, n'kukaphunziranso pang'ono ku New York. Atabwerako analembedwa ntchito ku ofesi yosamalira nyumba zakale m'chigawo cha mapiri cha Graubünden, ndipo anakhalako zaka pafupifupi khumi, kuyenda m'midzi, kuyeza nyumba za alimi ndi matchalitchi akale, kuona mmene anthu akale ankalumikizira mitengo ndi kusanja miyala. Ofesi yakeyake anaitsegula chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970 ku Haldenstein, kamudzi kakang'ono pafupi ndi tauni ya Chur.

Mu 1984 chipale chofewa chinagumuka m'phiri n'kugwetsa katchalitchi kakale m'mudzi wa Sumvitg. Katsopano kamene Zumthor anajambula kanatha mu 1988, ndipo ndi ka matabwa, kooneka ngati tsamba la mtengo mukakayang'ana kuchokera kumwamba. Kunja kwake anakuta ndi timatabwa ting'onoting'ono tosanjikizana ngati mamba a nsomba. Nthawi iliyonse ndikaona zithunzi zake ndimakumbukira bambo anga, amene nawonso anali kalipentala. Ankatenga thabwa, kulinunkhiza, kuligogoda ndi chala, n'kunena ngati lidzapindike kapena ayi. Nzeru imeneyo ilimo m'katchalitchi ka ku Sumvitg.

Ntchito imene inamutchukitsa ndi nyumba yosambiramo pa akasupe a madzi otentha m'mudzi wa Vals, yomwe inatsegulidwa mu 1996. Makoma ake ndi a miyala yathyathyathya yokwana pafupifupi 60,000, yokumbidwa m'chigwa chomwecho. Koma imene imandikhudza mtima ine ndi ina, katchalitchi ka m'munda ku Wachendorf m'dziko la Germany, kamene kanatha mu 2007. Banja lina la alimi linamupempha kuti alijambulire kanyumba kopemphereramo pokumbukira Bruder Klaus, woyera mtima wa ku Switzerland. Anaimika mitengo 112 yotsamirana ngati chisakasa. Alimiwo pamodzi ndi anzawo anathira konkire mozungulira mitengoyo, magawo 24, gawo lililonse theka la mita, mpaka khoma linafika mamita 12. Konkire atauma anasonkha moto mkatimo, unanyeka pang'onopang'ono masabata atatu, mitengo ija n'kuuma n'kuchotsedwa. Chinatsala ndi chipinda chakuda bii, chokhala ndi mizere ya mitengo ija m'makoma, pamwamba pali bowo lolowera kuwala ndi mvula yomwe. Munthu wosadziwa khalidwe la mtengo ndi moto sakanaganiza zimenezi. Mu 2009 Zumthor analandira mphoto ya Pritzker, yomwe ndi yapamwamba kwambiri kwa ojambula mapulani a nyumba pa dziko lonse.

Tsono awuzeni bambo a kunyumbako kuti ukalipentala ndi chuma chimene mwanayo adzalowe nacho m'kalasi anzake alibe. Komabe sukulu ndi yofunika, Zumthor nayenso anapitako. Mwana wanu alimbikire masamu ndi kujambula, ndipo akafunse ku yunivesite ya MUBAS ku Blantyre zimene amafuna kwa munthu wolowa maphunziro amenewa. Sowo ndi hamala asazitaye.

Achimwene, aphunzitsi athu akuti Le Corbusier anali wa ku France, koma ine ndinawerenga kuti anali wa ku Switzerland. Zoona ndi ziti? Nanga n'chifukwa chiyani ena amamutamanda pamene ena safuna n'kumva dzina lake komwe?
*Wophunzira wa ku Zomba*

Nonse awiri mukunena zoona. Anabadwa pa 6 October 1887 ku La Chaux-de-Fonds, tauni ya ku Switzerland yodziwika ndi kupanga mawotchi, ndipo dzina lake lenileni linali Charles-Édouard Jeanneret. Bambo ake ankagwira ntchito yokongoletsa mawotchi, mayi ake ankaphunzitsa piyano. Iyenso anayamba ndi kuphunzira kuzokota zikuto za mawotchi pasukulu ya luso ya m'tauniyo, mpaka mphunzitsi wake Charles L'Eplattenier anamukankhira ku ntchito yojambula mapulani a nyumba. Yoyamba, Villa Fallet, anaijambula asanakwanitse zaka 20. Anasamukira ku Paris mu 1917, dzina lakuti Le Corbusier anayamba kuligwiritsa ntchito mu 1920, ndipo anakhala nzika ya France mu 1930. Anamwalira mu 1965 akusambira m'nyanja ku Roquebrune-Cap-Martin. Aswisi sanamutaye: nkhope yake inaikidwa pa ndalama yawo ya pepala ya mafulanki 10.

Omutamanda ali ndi zifukwa. Iye ndiye anafalitsa kwambiri maganizo akuti nyumba iziimirira pa zipilala za konkire kuti makoma asamanyamule katundu, choncho mukhoza kuika zipinda ndi mawindo pamene mwafuna. Maofesi ambiri amene mumawaona m'mizinda lero ndi zidzukulu za ganizo limeneli. Ku Marseille anamanga Unité d'Habitation, yomwe inatha mu 1952, chinyumba chimodzi chokhala mabanja 337, mkati mwake muli ndi mashopu. Ku India anajambula nyumba zikuluzikulu za boma mumzinda watsopano wa Chandigarh pamodzi ndi msuweni wake Pierre Jeanneret, ndipo kumeneko anaika zotchinga za konkire kutsogolo kwa mawindo kuti dzuwa lisalowe molunjika koma mphepo izidutsa. Ife a dziko lotentha tiyenera kuziphunzira bwino zimenezo tisanathamangire magalasi okhaokha. Mu 2016 bungwe la UNESCO linaika nyumba zake 17 za m'maiko 7 pa mndandanda wa malo ofunika kusungidwa.

Omudandaula nawonso sakunama. Villa Savoye ya ku Poissy pafupi ndi Paris, imene inatha mu 1931 ndipo ili m'mabuku onse a ophunzira, inkadontha. Denga lake linali lathyathyathya, ndipo mayi wa m'nyumbamo analemba makalata angapo kudandaula kuti mvula ikulowa. Ine ndinajambulapo nyumba ya denga lotere ndili mnyamata, chifukwa chotengeka ndi zithunzi zoterezi, ndipo mvula ya mu January inandiphunzitsa. Ndinakhala zaka ziwiri ndikubwerera kukamata, ndipo mwini wake anavutika chifukwa cha ine. Mpaka lero ndikajambula denga la konkire ndimayambira pa funso lakuti madzi adzatulukira kuti.

Palinso zolemera kuposa kudontha. Mu 1925 anapereka pulani yogwetsa mbali yaikulu ya pakati pa Paris n'kuikapo nyumba zosanja zazitali zofanana. Mwamwayi sinachitike, koma ena anatengera ganizolo m'maiko ambiri n'kumanga malo amene anthu okhalamo anasowa mtendere. Ndipo pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse anakakhala m'tauni ya Vichy kufunafuna ntchito ku boma la France limene linkagwirizana ndi chipani cha Nazi. Mbiri imeneyi isamabisidwe pophunzitsa za iye.

Mutandifunsa nyumba yake imene ndimaikonda, ndingatchule yaing'ono kwambiri: Villa Le Lac ku Corseaux, m'mphepete mwa nyanja ya Geneva, imene anamangira makolo ake mu 1924. Ili ndi windo limodzi lalitali mamita 11 loyang'ana kunyanja ndi mapiri. Mayi ake anakhalamo mpaka pamene anamwalira mu 1960.

Bambo, kwathu munthu akamanga nyumba ya mdindo amati ndi umphawi. Mnzanga wina akuti ku Ulaya amamanganso ndi dothi. Zoona zimenezi?
*Bambo wa ku Ntchisi*

Mnzanuyo sakunama, bambo. Ku Laufen, pafupi ndi Basel, kampani yopanga maswiti a chifuwa ya Ricola ili ndi nyumba youmitsira ndi kusungira zitsamba zimene imagwiritsa ntchito. Inatha mu 2014, ndi yaitali kupitirira mamita 100, kukwera m'mwamba pafupifupi mamita 11, ndipo makoma ake akunja ndi dothi losindira, mdindo weniweni. Dothilo ndi miyala yosakanizira anazitenga m'dera lomwelo. Mmisiri wa ku Austria wodziwa kwambiri za dothi, Martin Rauch, ndiye anatsogolera ntchito yosindira, ndipo anaumbiratu zigawo zikuluzikulu pansi pa denga n'kuzinyamula kukazisanja pamalopo. M'khomamo anaikamo mizere ya matope olimba osakaniza ndi laimu kuti madzi a mvula akamatsika asamakokolole dothi. Anasankha dothi chifukwa limasunga chinyezi cha m'nyumba kuti chisamasinthesinthe, zomwe zitsamba zouma zimafuna.

Amene anajambula ndi Jacques Herzog ndi Pierre de Meuron, onse obadwa mu 1950 ku Basel, amene anatsegula ofesi yawo mu 1978 ndi kulandira mphoto ya Pritzker mu 2001. Ndi omwewo anasandutsa nyumba yakale yopangira magetsi ku London kukhala nyumba yoonetserako zaluso ya Tate Modern mu 2000, anajambula bwalo la mpira la Allianz Arena ku Munich, komanso bwalo la masewera a Olympic a 2008 ku Beijing looneka ngati chisa cha mbalame. Anthu oterewa akanafuna simenti sakanaisowa.

Mdindo wathu umagwa pa zifukwa ziwiri zimene ndaziona kambirimbiri: maziko osakwera, ndi denga losatulukira kunja mokwanira. Mukaukweza pa maziko a miyala, n'kuupatsa khonde lalikulu, umakhalitsa ndipo mu October mkati mumazizira bwino. Ndikawerenga nkhuni zimene uvuni umodzi wa njerwa umadya, ndimamva chisoni kuti luso limeneli tikulichita manyazi.

Ndine mtsikana wa folomu 4. Mayina onse amene ndimamva ndi a amuna. Akazi kunalibe?
*Mtsikana wa ku Mzuzu*

Analipo, mwanawe, ngakhale njira inali yopapatiza. Flora Steiger-Crawford ndiye mkazi woyamba kumaliza maphunziro ojambula mapulani a nyumba pa sukulu ya ukachenjede ya ETH ku Zürich, mu 1923. Lux Guyer anatsegula ofesi yakeyake mumzinda womwewo m'zaka za m'ma 1920, ndipo anajambula nyumba zokhalamo akazi osakwatiwa ogwira ntchito, amene nthawi imeneyo ankavutika kupeza malo awoawo. Mu 1928 iye ndiye anatsogolera mapulani a chionetsero chachikulu cha ntchito za amayi, SAFFA, ku Bern. Kumbukira kuti akazi a ku Switzerland anayamba kuvota pa zisankho za dziko lonse mu 1971. Amayi awiriwa anali atamanga kale nyumba zaka zoposa 40 m'mbuyomo.

Achimwene, ine ndimalemba zikwangwani za mashopu. Pa kompyuta ndimaona zilembo zotchedwa Helvetica. Dzinali likuchokera kuti?
*Wolemba zikwangwani wa ku Area 25, Lilongwe*

Likuchokera ku dzina la Chilatini la dziko la Switzerland, Helvetia. Zilembozi anazijambula Max Miedinger mu 1957 mothandizana ndi Eduard Hoffmann, pa fakitale yosula zilembo zosindikizira ya Haas ku Münchenstein. Poyamba zinkatchedwa Neue Haas Grotesk, ndipo dzina latsopanolo linabwera mu 1960 kuti zigulitsike kunja. Chaka chomwecho cha 1957 Mswisi wina, Adrian Frutiger, amene anayamba ngati wosanja zilembo m'nyumba yosindikizira mabuku ku Interlaken, anatulutsa zilembo za Univers. Pambuyo pake anajambula zilembo za zikwangwani za pa bwalo la ndege la Charles de Gaulle ku Paris, zimene lero zimadziwika ndi dzina lake. Cholinga chake chinali chakuti munthu amene akuyenda mofulumira, akuyang'ana chammbali, awerenge osaima. Inunso mukamaliza chikwangwani, pitani tsidya lina la msewu, muyende ngati mukuthamangira minibasi, muone ngati chikuwerengeka.

Poti ntchito yanu ndi ya maso, fufuzaninso chithunzi cha wotchi ya m'masiteshoni a sitima ku Switzerland, imene injiniya Hans Hilfiker anapanga mu 1944. Ilibe manambala, ili ndi timizere takuda pa nkhope yoyera basi. Pambuyo pake anawonjezerapo muvi wofiira wa masekondi, wokhala ndi kabwalo kumapeto ngati kachikwangwani kamene woyang'anira siteshoni ankakweza pouza sitima kuti inyamuke. Muvi umenewu umazungulira m'masekondi 58 ndi theka, n'kuima pamwamba kudikira chizindikiro cha magetsi chochokera ku wotchi yaikulu. Chikafika, muvi wa mphindi umalumpha kamodzi m'masiteshoni onse a dzikolo, wofiira uja n'kuyambanso ulendo.