Mwana wobaya insulin akamayamba Sitandade 1

Mayi a ku Luchenza, mwati mtsikana wanu wa zaka 6 amabaya insulin chifukwa cha matenda a shuga ndipo mtima suli m'malo poti akuyamba sukulu. Ine ndinadutsamo ndi mnyamata wanga kuno ku Thyolo.

Musatumize kalata ayi. Pitani nokha mukakhale pansi ndi aphunzitsi aakulu komanso a kalasi yakeyo, mwanayo ali pomwepo kuti amudziwe nkhope. Ana m'kalasimo amakhala piringupiringu, wanuyo atha kufooka pakona wina osamuona.

Chimene muwaphunzitse kwambiri ndi shuga wotsika, chifukwa ameneyu sachedwa kugwetsa mwana. Wanga tsiku lina anayamba kunjenjemera, thukuta kamukamu, kulira popanda chifukwa, aphunzitsi n'kumati ndi matama a ana olera pamiyendo. Sindinawakwiyire, ndine amene sindinawafotokozere bwino. Auzeni kuti akaona zimenezi, kapena makina oyezera shuga m'magazi akaonetsa pansi pa 4 (makina ena amalemba 70), amupatse timasupuni tiwiri ta shuga m'madzi, kapena Sobo, nthawi yomweyo, osadikira buleki. Pakatha mphindi 15 ayezenso, ndipo akatsitsimuka adye nthochi kapena chigumu. Akakomoka asamumwetse kanthu, angatsamwe. Amugoneke cham'mbali, ampake shuga m'nkhama, athamange naye kuchipatala uku akukuimbirani. Shuga wina akhale m'chikwama mwake, wina kwa aphunzitsi, poti maswiti a m'chikwama amathera anzake.

Kuno kwathu n'kwa zitunda, ndiye ulendo wa kusukulu wokha umatsitsa shuga, osanena za phada ndi mpira. Asachoke pakhomo ndi njala atabaya.

Ngati sukuluyo imaphika phala, funsani nthawi imene amadya komanso ngati amathiramo shuga, mukawauze a kliniki ku Thyolo kapena ku Queens. Mlingo wa insulin asinthe ndi iwowo, osati ife makolo anzanu.

Apempheninso kuti akafuna madzi kapena kukataya madzi asamukanize, chimakhala chizindikiro choti shuga wakwera. Insulin isakhale padzuwa, makamaka kutentha kwa Okutobala. Ife opanda fuliji timaika m'kabotolo kotseka bwino mumtsuko wa mchenga wonyowa.

Anzake adzafunsa za jakisoni. Aphunzitsi angowauza poyera kuti kapamba wake sapanga insulin, ndipo matendawa sapatsirana. Wanga anasiya kusekedwa sabata yomweyo.