Kwa mayi amene mwana wawo waletsedwa za tirigu

Achemwali, pepani ndi nkhani ya mwanayo. Mwati adokotala apeza kuti thupi lake limadana ndi gluten, ndiye mukufunsa komwe mungagule ufa wa gluten-free (wopanda gluten) komanso zoti muzimupakira popita kusukulu. Wanga wamkazi anamupeza ndi matenda a celiac, omwe thupi limadana ndi gluten, ali Sitandade 1, choncho njira imeneyi ndayendamo.

Mtima ukhale m'malo. Gluten ndi puloteni amene amapezeka mu tirigu, balere ndi mbewu ina yotchedwa rye. M'chimanga mulibe. Nsima adye monga kale, kaya ya ufa woyera kaya ya mgaiwa. Kondowole, mpunga, mbatata, kachewere, mapira, mawere, nyemba, mtedza, zonsezo n'zake. Zimene asiyane nazo ndi buledi, mandasi, masikono, masamusa, chapati, supageti ndi mabisiketi. Ena amati azingochepetsa buledi, thupi lizolowera. Chonde musamvere zimenezo. Ngati ndi celiac, ngakhale nyenyeswa zimawononga matumbo aang'ono, mwana adandaule kapena asadandaule.

Ine chimene chinandigwetsa ndi chitumbuwa. Ndinkadziwa kuti chitumbuwa ndi nthochi ndi mgaiwa basi, ndiye tsiku lina ndinamugulira zitatu pamsika, mtima uli phee. Usiku womwewo mimba inafufuma ngati ng'oma, kutsegula m'mimba mpaka mbandakucha, masiku atatu osapita kusukulu. Nditabwerera pamsika paja ndinaima pambali n'kumaonerera. Mayi ogulitsa aja amayamba akazinga mandasi, kenako zitumbuwa m'mafuta omwewo, tizidutswa ta mandasi tikuyandama mmenemo. Nditawafunsa anandiuza mosabisa kuti amathiramonso fulawa pang'ono kuti zigwirane bwino. Sanali ndi maganizo oipa, ndi mmene amapangira. Kuyambira pamenepo chokazinga chilichonse cha panjira mwana wanga sadya. Chigumu chogula n'chimodzimodzi, ambiri amasakaniza ndi fulawa. Pachiwaya funsani kaye ngati mafuta a tchipisi sakukazingiramo nkhuku yopaka fulawa, ndipo akayankha mozengereza, chokanipo.

Kunyumba nako samalani. Mwanayo akhale ndi sefa yake ndi mthiko wake. Majarini amene ena apisamo mpeni wopakira buledi si wakenso, mumugulire kakontena kakekake n'kulembapo dzina. Pogula zam'mapaketi werengani kumbuyo, mukaona mawu akuti wheat, barley, malt kapena may contain wheat, bwezerani pashelefu. Zimabisala mu soseji, m'tima cube ta supu, mu soy sauce, ngakhale mu cornflakes ambiri muli malt wa balere. Oats nawo amakhala atasakanikirana ndi tirigu pokhapokha paketiyo italembedwa kuti gluten-free.

Za ufa mwafunsazo, umapezeka m'masitolo akuluakulu ku Lilongwe ndi ku Blantyre, wambiri wochokera ku Joni, koma mtengo wake ndi wokwera kwambiri kuposa wa fulawa wamba, ndipo lero ulipo mawa kulibe. Ine ndinasiya kuusakasaka. Ndimagula mpunga wosweka, wotchipa uja, ndimautsuka, ndimauyanika, n'kukagayitsa. Ndikasakaniza makapu awiri a ufa wa mpungawo ndi kapu imodzi ya ufa wa chinangwa, dzira, mkaka ndi nthochi yakupsa kwambiri, timapanikeke take timafewa ndithu. Kungoti ngati muli cha ku Neno kapena ku Tsangano komwe amalima tirigu, funsani wa pachigayo ngati sanagayemo tirigu.

Kusukulu ndimamupakira mbatata yootcha, dzira lowiritsa, mtedza wokazinga ndi zitumbuwa zopanga ndekha. Pitani nokha mukalankhule ndi aphunzitsi ake, chifukwa ana amagawana zakudya pa buleki. Agogo ake muwakhazike pansi muwafotokozere bwinobwino, iwo ndi amene amamva chisoni n'kumupatsa ndasi mobisa. Ndipo ngati wayamba kulandira mgonero, kaonaneni ndi abusa kapena abambo mfumu Lamulungu lisanafike, mkate umene uja ndi wa tirigu.