Phazi la mwana wanga layambanso kupindika: kodi mafizo okha angaliwongole?

FUNSO

Ndine mayi wa ana awiri ndipo ndimakhala ku Area 25 mumzinda wa Lilongwe. Mwana wanga wachiwiri, yemwe tsopano ali ndi zaka 3 ndi theka, anabadwa ndi phazi lamanzere lopindikira m'kati. Ali wakhanda anamuika chikhakha kangapo, anamudula kamtsempha ka kuseri kwa chidendene, ndipo phazi linawongoka mpaka anayamba kuyenda ngati anzake. Anatipatsa nsapato zolumikizidwa ndi kachitsulo zoti azigona nazo, koma atapitirira chaka chimodzi zinayamba kumuthina, ankalira usiku wonse, ndipo apongozi anga anati tisamazunze mwana woti anachira kale. Tinasiya kumuveka, kuchipatalanso sitinabwerereko. Tsopano akamayenda chidendene sichikufika pansi, akupondera m'mphepete mwa phazi, ndipo nsapato yake ikutha mbali imodzi. Mnzanga wina wandiuza kuti ndizingomuchititsa mafizo kunyumba. Bambo ake akuopa opaleshoni, pamene ine ndikuopa kukakalipiridwa. Kodi mafizo okha angabwezeretse phazi limeneli?

Mayi wa ku Area 25

YANKHO

Amayi, zikomo polemba mosabisa kanthu. Zizindikiro zimene mwatchulazo zikuonetsa kuti phazi layambadi kubwerera mwakale, ndipo yankho langa ndi lakuti mafizo ndi ofunika kwambiri pa chithandizo cha mwana wanu, koma paokha sangawongole phazi limene layamba kale kuuma. Pitani naye kuchipatala sabata ino ndithu, musadikire kuti ayambe wakula.

Ndiyambe ndi kukuchotsani mantha ndi manyazi. Mwana mmodzi mwa ana pafupifupi 1,000 aliwonse amabadwa ndi vuto limeneli. Silichokera kwa afiti, silibwera chifukwa cha chakudya chimene munadya muli oyembekezera, ndipo si chilango. Chithandizo chimene mwana wanu analandira chimatchedwa njira ya Ponseti, potengera dzina la Dr Ignacio Ponseti, dokotala wa mafupa wobadwira ku Spain yemwe anagwira ntchito zaka zambiri pa yunivesite ya Iowa ku America. Njirayi ili ndi magawo awiri, ndipo makolo ambiri amaona ngati gawo loyamba ndilo chithandizo chonse. Poyamba phazi limawongoledwa pang'onopang'ono ndi manja n'kuikidwa m'chikhakha chimene chimasinthidwa sabata iliyonse, kawirikawiri maulendo 5 mpaka 8, kenako ana ambiri amadulidwa kamtsempha kaja n'kukhala m'chikhakha chomaliza kwa masabata 3. Gawo lachiwiri ndi la nsapato za kachitsulo, zimene mwana amavala maola 23 pa tsiku kwa miyezi 3, kenako nthawi yogona yokha mpaka atafika zaka 4 kapena 5. Chifukwa chake n'chakuti chikhakha chimawongola mafupa, koma minofu ndi mitsempha ya kuseri kwa mwendo ndi ya mbali ya m'kati mwa phazi imakhalabe ndi chizolowezi chofupika, ndipo mwana akamakula msanga m'zaka zoyambirirazi imayamba kulikokeranso phazi m'kati. Kusiya nsapato nthawi isanakwane ndicho chifukwa chachikulu chimene mapazi amabwererera, choncho nkhani yanuyi ogwira ntchito zachipatala amaimva kawirikawiri. Apongozi anu analankhula chifukwa cha chifundo, ndipo ndingakonde kuti ulendo uno mupite nawo kuti akadzimvere okha, popeza kunyumba nsapatozi sizingavalidwe ngati akuluakulu sakugwirizana nazo.

Kuchipatala akafuna kuona mwana akuyenda wopanda nsapato, kenako akamukhazika n'kuyesa ngati phazi likutha kukwezeka molunjika kumsongolo komanso kutembenukira kunja. Phazi lowongoka bwino limayenera kupitirira pamene limakhalira munthu akaimirira, ndi madigiri pafupifupi 10 kapena 15. Ngati likukanika, chithandizo choyamba chimakhala kumuikanso chikhakha maulendo angapo, nthawi zina n'kudulanso kamtsempha kaja, kenako kubwerera ku nsapato za msinkhu wake. Bambo ake adziwe kuti ana ambiri obwera msanga safunika opaleshoni yaikulu yotsegula phazi. Pali opaleshoni ina imene imachitika kwa ana ena opitirira zaka pafupifupi 3, amene phazi lawo ndi lofewa akakhala pansi koma limapotokera m'kati akangolinyamula poyenda. Pamenepo dokotala amasuntha mtsempha umene umakokera phazi m'kati n'kuulumikiza pa fupa la chapakati pa phazi kuti uzilikoka molunjika. Ngakhale opaleshoni imeneyi imayamba yadikira kuti phazi liwongoledwe ndi chikhakha.

Tsopano tibwere pa mafizo, amene ntchito yake ndi kusunga kufewa kumene chikhakha chabweretsa, kulimbitsa minofu yofooka, ndi kuphunzitsanso mwana kuponda bwino akatuluka m'chikhakha, pamene mwendo umakhala utawonda ndi kuuma pang'ono. Katswiri wa mafizo ayambe wakuonetsani ndi manja ake pa phazi la mwana wanu, koma ndifotokoze zimene kawirikawiri amaphunzitsa. Mumagoneka mwana chagada, bondo litawongoka. Dzanja limodzi mumafumbata nalo chidendene n'kuchikokera pansi mofatsa, pamene chikhatho china chimayala kunsi kwa phazi lonse n'kulikankhira m'mwamba molunjika kumsongolo, ndipo mumagwira chomwecho kwa masekondi pafupifupi 30 musanasiye ndi kubwereza. Pano pali ngozi imene ndikufuna muisamale kwambiri: mukamakankha zala zokha, chidendene chili chikwerere m'mwamba, phazi limapindikira pakati m'malo mwa pa akakolo, ndipo mungathe kuyambitsa vuto lina loposa loyambalo. Mwana azimva kukokeka kuseri kwa mwendo, osati ululu. Akalira chifukwa cha kupweteka, lekani, ndipo musalole munthu aliyense, kaya ndi wachibale kapena sing'anga, kulipotokola phazilo mwamphamvu, kulimanga ndi timitengo kapena kulitemera mphini.

Mwana wa zaka 3 sangapirire kugonekedwa nthawi yaitali, choncho mafizo ambiri a msinkhu umenewu amalowa m'masewera. Kunjuta zidendene zonse zili pansi, mapazi atayang'ana kunja pang'ono, ndi imodzi mwa njira zabwino zotambasulira kuseri kwa mwendo, ndipo ana athu amanjuta okha akamaumba zidole zadothi kapena kutolera timiyala pabwalo, kotero inu mungoonetsetsa kuti chidendene chamanzere chagunda pansi. Mungathenso kumuyendetsa ndi zidendene zala zili m'mwamba, kumukweretsa kamtunda, kumuimiritsa ndi mwendo umodzi mutamugwira dzanja, kapena kumusisita ndi chala m'mphepete mwa phazi, mbali ya kachala kakang'ono, kuti azilitembenuzira kunja yekha ndi kudzutsa minofu imene imalimbana ndi kupindikako. Kuchita pang'ono tsiku lililonse, makamaka akangosamba madzi ofunda kapena musanamuveke nsapato zogonera, kumapindula kuposa kulimbikira tsiku limodzi n'kuiwala sabata yonse.

Za nsapato ndinene motsindika, chifukwa ndi pamene zinthu zinasokonekera. Nsapato zikathina sizitanthauza kuti nthawi yake yatha. Zimayenera kusinthidwa ndi zazikulupo, ndipo mwana amene akulira usiku kawirikawiri amakhala kuti zamuchepera, zatulutsa matuza, kapena chidendene sichinakhale pansi bwino m'kati mwake. Muzimuveka masokosi opanda makwinya, muziyamba ndi phazi lovutalo, muzikanikiza chidendene mpaka chikhale pansi musanamange, ndipo m'mawa muziyang'ana khungu ngati lafiira kapena lanyuka. Musamachotse kachitsulo kaja, popeza ndi kamene kamasunga mapazi atayang'ana kunja. Mwana wamkulu ngati wanuyu akana masiku oyambirira, ndipo n'chifukwa chake ndikupempha kuti bambo ake azitengapo mbali pomuveka madzulo aliwonse, ntchitoyi isasiyidwe kwa inu nokha.

Kuno ku Lilongwe, chipatala cha Kamuzu Central chili ndi madokotala a mafupa ndiponso gawo la mafizo, ndipo pamalo omwewo pali chipatala cha mafupa ndi ubongo cha LION chimene chinatsegulidwa mu 2023. Ku Blantyre kuli chipatala cha Beit CURE chimene chimachita maopaleshoni a mafupa kwa ana. Poyambira pabwino ndi kumene mwana analandira chithandizo choyamba, kapena kuchipatala cha m'dera lanu kuti akulembereni kalata yokutumizani. Mutenge buku lake lachipatala, nsapato za kachitsulo zakale zija, komanso nsapato imene ikutha mbali imodziyo, chifukwa imaonetsa bwino mmene akupondera. Muwauzenso mwezi weniweni umene munasiya kumuveka, ndipo musanachoke mufunse tsiku loti mudzabwerenso.