Achemwali, Nabanda musamuphe

Achemwali, funso lanu ndinaliona dzulo usiku, koma batire ya foni inali itatsala pang'ono kutha, ndiye ndinati ndiyankhe lero nditakhazikika. Mwafunsa kuti popeza owerenga akwiya ndi Nabanda, mpongozi wa Tadala m'nkhani yanu ija yomwe mumatulutsa m'magawo pa intaneti, ndipo ena akuti asiya kutsatira mukapanda kumupha kapena kumuchotsa Tadala pabanjapo, kodi muisinthe nkhaniyo kuti iwakomere? Ine ndine mmodzi mwa anthu amene akhala akumutukwana Nabanda m'makomenti, ndiye ndiloleni ndilankhule.

Musamuphe. Gawo 23 lija, lomwe anabisa kalata yochokera kwa mayi ake a Tadala n'kuiponya pamoto, ndinaliwerengera m'kombi (minibasi) kuchokera ku Mufakose, kuno ku Harare. Ndinapsa mtima mpaka ndinapitirira pamalo potsikira, hwindi (kondakitala) n'kumandiseka. Mayi wamkulu ngati ine, wa zidzukulu, kukwiyira munthu woti kulibe! Tsiku lomwelo ndinalemba kuti mfiti imeneyi ife basi. Koma Lachinayi lotsatira ndinagula bandulo m'mawa kuopa kuphonya gawo 24. Ndinagulira Nabanda yemweyo. Tadala ndimamukonda, koma ndi mwana wofatsa, akanakhala yekha m'nkhanimo ndikanasiya kalekale. Amene akulemba kuti "ndasiya" muwaone bwino, ndi omwewo amene amayamba kupereka ndemanga gawo likangotuluka. Wosiya zenizeni satsanzika, amangosowa.

Paja nthano kwathu sinenedwa anthu ali chete. Agogo anga, omwe anabwera kuno ku Zimbabwe kuchokera ku Dedza m'nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chija cha 1953 mpaka 1963, akati "padangokhala" ife timayankha "tili tonse," ndipo tikangochedwa kuyankha ankasiya n'kunena kuti mwagona, mawa. Kalulu akamupusitsa Fisi timakuwa, wina n'kumati agogo mumugwire Kaluluyo. Agogo ankaseka, mwina n'kutalikitsa nyimbo pomwe aona kuti tasangalala, koma Kalulu ankathawabe. Makomenti anuwo ndi "tili tonse" wa masiku ano. Amakuuzani kuti anthu ali maso. Kumene nthano ikupita ankadziwa ndi agogo okha.

Vuto lomvera aliyense ndi loti owerengawo sagwirizana. Pitani mukawerenge pansi pa gawo 25. Atsikana akuti Tadala anyamule katundu abwerere kwawo. Azimayi a msinkhu wanga akuti banja ndi kupirira. Abambo awiri atatu aja akuikira kumbuyo Yohane, mwamuna wa Tadala, ati mwamuna sangasankhe pakati pa mayi ake ndi mkazi wake. Mukatsata onsewa mudzakhala pusi uja wa ichi chakoma ichi chakoma. Ndinaiona nkhani ina pa Facebook itafa choncho. Mlembi wake anayamba kuchititsa mavoti kumapeto kwa gawo lililonse. Mwamuna wankhanza anasanduka m'busa m'sabata imodzi chifukwa ambiri anavotera kuti alape, mkazi wopikisana naye anagundidwa ndi galimoto, ndipo pofika gawo la makumi atatu panalibenso woti n'kumuda kapena kumuopa. Anthu amene anavota aja ndi amene anayamba kuthawa.

Izi sizinayambe ndi intaneti ayi. Arthur Conan Doyle, mlembi wa ku Britain, ankatulutsa nkhani za wofufuza milandu Sherlock Holmes m'magazini ya Strand, ndipo mu 1893 atatopa naye anamugwetsera pa mathithi a Reichenbach ku Switzerland. Owerenga anakwiya kwambiri. Anadzamuukitsa mu 1903, patatha zaka khumi. Inde anagonja, koma taonani kuti anali ndi pothawira: m'nkhani ya imfayo palibe amene anaona mtembo. Inu mukamuika Nabanda m'manda ku Mabvuku anthu onse akuona, adzukulu atakwirira, mudzamutenga kuti mukadzamufuna pa gawo 40?

Tsono si makomenti onse amene muyenera kuwanyalanyaza. Alipo ena omwe ndi golide. Mukukumbuka gawo 3, pomwe munalemba kuti basi ya Tadala yochokera ku Blantyre inalowera pa Beitbridge? Anthu anakudzudzulani, ndipo ananena zoona. Wochokera ku Blantyre amatulukira pa Mwanza, kulowa Zobue, kuwoloka Zambezi pa Tete, n'kulowa Zimbabwe pa Nyamapanda, kenako Mutoko mpaka Harare. Beitbridge ndi ya ku Joni. Ambiri m'gulu lino msewu umenewo tinauyenda titanyamula maliro kapena matumba a ufa, ndiye mukalakwitsa pamenepo timatuluka m'nkhani nthawi yomweyo. Chimodzimodzi wina akafunsa kuti "kodi mimba ya Tadala ija si ya miyezi khumi ndi iwiri tsopano?" kapena "mchimwene wa Yohane uja anapita kuti?" Ameneyo wakugwirirani ntchito yaulere. Muthokozeni, kenako mugule kope, mulembemo dzina la mpangankhani aliyense, zaka zake, kumene amakhala ndi gawo lomwe anaonekera komaliza. Nkhani yotuluka pang'onopang'ono imaiwalitsa mwini wake, pomwe wowerenga amene waimeza magawo makumi awiri usiku umodzi saiwala kanthu.

Palinso ndemanga ina yomwe ndikufuna muimvetsere, ngakhale inalembedwa mwamwano. Wina anati Nabanda ndi woipa ngati chidole cha m'sewero. Pamenepo pali choonadi pang'ono. Magawo 25 onsewa sitinaonepo chimene chimamupweteka mayi ameneyu. Inu mukudziwa mmene azimayi a m'badwo umenewo anakhalira kuno. Ambiri anabadwira m'mapulazi ndi m'migodi, zitupa zawo zinalembedwa kuti ndi alendo, ankanyozedwa kuti ndi anthu opanda kumudzi, ndipo ena anataya malo okhala mapulazi atalandidwa kuyambira mu 2000. Mayi wotero, mwana wake mmodzi yekha wamwamuna, amene amalipira lendi, akukwatira mtsikana wochokera ku Malawi yemwe tsiku lina angamutengere kwawo chikamwini. Simukuona mantha ake? Tipatseni gawo limodzi tili m'mutu mwa Nabanda. Musamusandutse woyera, kalata anaiwotcha ndithu. Koma mudzaona makomenti atagawanika pakati, ena akulira, ena akuti musatinyengerere, ndipo mkangano umenewo ndi womwe umakokera anthu atsopano pa peji.

Za Chishona chomwe ena akudandaula, ine sindikuona vuto. Ku Mabvuku, ku Tafara kapena ku Dzivarasekwa ndani amalankhula Chichewa chosasakaniza? Ana athu amayamba chiganizo m'Chichewa n'kuchimaliza m'Chishona. Nabanda akati "muroora" (mkazi wa mwana wako m'Chishona) akumveka ngati mayi wa kuno. Kungoti Tadala, yemwe wangofika kumene, asamalankhule choncho, ndipo owerenga a ku Lilongwe muziwathandiza kuti tanthauzo lizimveka m'zochitika. Malamulo a dziko lino a 2013 anaika Chichewa pa zilankhulo 16 zovomerezeka, koma nkhani zolembedwa m'Chichewa chathu cha kuno n'zosowa, n'chifukwa chake yanuyi anthu aikakamira chonchi.

Chomwe owerenga ali ndi ufulu wokwiya nacho ndi nthawi. Munati Lolemba ndi Lachinayi. Sabata yatha Lolemba linadutsa zii, popanda ngakhale uthenga. Ndikudziwa magetsi amavuta ndipo muli ndi ntchito, koma munthu amene wagula bandulo ya tsiku limodzi chifukwa cha inu, ikamuthera osaona kanthu amamva ngati mwamubera. Lembani magawo atatu kapena anayi osungira musanatulutse lotsatira. Zimenezi zidzakutetezaninso ku makomenti, chifukwa pamene akukuwa za gawo 26 inu mudzakhala muli pa 29, ndipo dzanja silidzanjenjemera. Mukalephera, ingolembani mzere umodzi kuti lero kulibe, tionana Lachinayi. Anthu amamva.

Aja okutukwanani ku inbox, otchula mpaka mayi anu ngati kuti inu ndinu Nabanda, ablokeni osawayankha. Ma admin a gulu lino athandizepo, chifukwa mtsikanayu akutilembera ulere.

Chinthu chimodzi chokha ndikupempha ngati wowerenga, ndipo mukhoza kuchikana: kalata ija inapsa tisanaimve. Mayi ake a Tadala analembamo chiyani? Ine ndi mnzanga amene timasoka naye takangana kale kawiri, iye akuti munali uthenga wa matenda, ine ndikuti munali za mwana amene Tadala anamusiya kumudzi. Tabetcherana botolo la chakumwa cha Mazoe. Musandiuze kuno, ndidikira Lachinayi.