Yambani ndi Raja Rao, Rushdie adikire kaye

Achemwali, mwafunsa kuti muyambire pati pa alembi a ku India olemba m'Chingerezi, komanso ngati munthu wolemba m'chinenero cha atsamunda angamveke ngati Mmwenye weniweni. Ine ndinganene kuti musathamangire Salman Rushdie, ngakhale ndiye wotchuka.

Tengani kaye Kanthapura ya Raja Rao, ya 1938. Iye chinenero chakwawo chinali Chikannada, ndipo m'mawu oyamba a bukulo anavomera yekha kuti akuyesa kunena za mumtima mwa anthu ake m'chinenero cha eni. Nkhaniyo akusimba ndi gogo wina, Achakka, za mmene mphepo ya Gandhi inalowera m'mudzi mwawo. Ziganizo zake n'zazitali, zopanda popumira, ngati agogo akayamba kufotokoza madzulo osafuna kudulidwa pakamwa. Masamba oyamba amatopetsa, pirirani ndithu. Mukazolowera, mudzamva kuti Chingerezicho anachipinda mpaka chinayamba kumveka cha kumudzi.

Mukatero pumirani pa R. K. Narayan, Swami and Friends ya 1935. Iyeyo za "kwathu n'kuti" sizinkamusowetsa tulo. Anangopeka tauni yake, Malgudi, n'kumalemba za anthu a m'menemo.

Jhumpa Lahiri ndi nkhani ina. Anabadwira ku London mu 1967 kwa makolo a Chibengali, n'kukulira ku Rhode Island, ku America. Mu The Namesake ya 2003, kalata ya agogo yokhala ndi dzina la mwana inasowa m'njira kuchokera ku Calcutta, ku India. Kuchipatala ku America anakana kutulutsa khanda lopanda dzina, ndiye dzina lapakhomo, Gogol, linalowa m'mapepala, mnyamata n'kukula akulida. Amene muli ndi ana obadwira kunja, pamenepa pakukhudzani.

Rushdie muwerenge pambuyo, Midnight's Children ya 1981. Kungoti dziwani kuti mu 1997 analemba kuti zolembedwa m'Chingerezi zaposa za m'zinenero zina za ku India, ndipo alembi ambiri kumeneko anakwiya nazo. Ine ndili kumbali yawo. Kuti mudziweruzire nokha, funani Tomb of Sand ya Geetanjali Shree, yomwe inalembedwa m'Chihindi n'kupata mphoto ya mabuku ya International Booker mu 2022 itamasuliridwa. Ndi yaikulu, masamba oposa 700, choncho musaiyambe sabata yotanganidwa.