Chikhasu chosalazira msewu chikung'ambikabe pamene anawotcherera

Bambo wina wolima chimanga ndi soya ku Mchinji wandilembera imelo. Ali ndi thirakitala ya Massey Ferguson 375, ndipo kumbuyo amamangirirako chikhasu chosalazira msewu wa kumunda. Tsiku lina akukankha dothi chobwerera m'mbuyo, chikhasucho chinagunda chitsa, chinapindika mbali imodzi, ndipo chitsulo chachikulu chimene chimachinyamula chinachita mng'alu. Awotchereretsa kawiri, koma mng'alu ukutulukanso m'mbali mwenimweni mwa pamene anawotcherera. Funso lawo nlakuti: awotchereretsenso kachitatu, kapena angogula china?

Bambo, musafulumire kugula china. Mng'alu ukamabwerera m'mbali mwa chowotcherera, nthawi zambiri ndiye kuti mmisiri anangophimba pamwamba, pansi pake mng'alu ukadali wamoyo. Ndikudziwa chifukwa chake amatero: ntchito imatha msanga, mwini thirakitala akudikira, magetsi nawo akhoza kuthima nthawi iliyonse. Koma chitsulo chochindikala sichilumikizika choncho.

Mukapitanso, chichotseni kaye chikhasucho pa thirakitala, muchigoneke pansi. Atsuke dzimbiri, penti ndi girisi mpaka chitsulo chiwale, afufuze pamene mng'alu wathera, aboolepo kabowo kakang'ono kuti usapitirire. Kenako agwiritse girayinda kukumba mng'alu wonsewo ngati kangalande kooneka ngati V, kufika pansi, ndipo zowotcherera zakale zija zichoke zonse. Ngati mbali zonse ziwiri zikufikirika, akumbe konsekonse. Ndodo zowotcherera za nambala 6013 zimene zimapezeka paliponse nzabwino pa mageti ndi mafelemu a mawindo, koma pa chitsulo chonyamula katundu wogwedezeka funsani 7018. Ndodo za 7018 zimadana ndi chinyontho. Paketi imene yakhala yotsegula nyengo yonse ya dzinja musailole. Chitsulo chochindikala achitenthetse kaye pang'ono asanayambe, awotcherere m'magawo angapo akuchotsa makoko amene amauma pamwamba pa gawo lililonse, akamaliza achisiye chizizire chokha. Kuthira madzi kuti muchinyamule msanga ndi kumene kumachiumitsa mpaka chithetheke.

Pamwamba pake mukhoza kuikapo chigamba cha chitsulo, koma apa mpamene ambiri amaonongera. Chigamba cha ngodya zinayi chowotchereredwa mopingasa chitsulocho chimasamutsira mng'alu kumapeto kwake. Chigamba chikhale chosongoka kumapeto onse awiri, chidutse mng'aluwo kutali ndithu, ndipo achiwotcherere motsata kutalika kwa chitsulo. Mbali yopindikayo awongole asanawotcherere, pa pulesi (makina opanikizira zitsulo) ngati ilipo. Akawotcherera chikadali chokhota, chimakhala chikukokana chokha ngakhale chili phee m'shedi.

Tsopano nkhani imene ikundikhudza kwambiri ndi chimene chinayambitsa. Mikono iwiri ya m'munsi ya thirakitala anaipangira kukoka. Mukamakankha chobwerera m'mbuyo, mikonoyo imapanikizika, ndipo chikhasu chikakodwa pa chitsa kapena pa mwala sichingathe kudumpha, chimangozikika, mphamvu yonse nkuthera m'chitsulo. Kukankhira dothi lofewa m'dzenje pang'onopang'ono palibe vuto. Kugumula chulu kapena kuzula zitsa nacho ayi. Dothi la mu Okutobala ndi louma gwa. Ngati nkotheka salazani msewu mvula yoyamba itagwa, pa giya yaing'ono, mukusenda pang'onopang'ono maulendo angapo.

Yang'ananinso ngati chikhasucho ndi cha msinkhu wa thirakitala yanu. Thirakitala ya 375 ili ndi mphamvu ya injini pafupifupi 75 hp (horsepower). Zida zomangirira kumbuyo kwa thirakitala amazigawa m'magulu potengera kukula kwa mapini: za Category 1 zili ndi mapini a m'munsi a 22 mm ndi ya top link (mkono wa pamwamba) ya 19 mm, pamene za Category 2 zili ndi 28 mm ndi 25 mm. Mukapeza mapini ndi a 22 mm, mwina chikhasucho anachipangira thirakitala yaing'ono, ndipo ngakhale mmisiri waluso chotani achikonze, chidzafuna dzanja lofatsa. Pini yaing'ono m'bowo lalikulu popanda bushi (kachitsulo konga paipi kodzaza mpatawo) imagogoda pa bampu iliyonse mpaka bowo litalike ngati dzira. Mabowo oterowo awotcherere bushi yatsopano. Maunyolo oletsa chida kugwedezeka cham'mbali nawonso amangidwe bwino.

Mpeni wa m'munsi umene umakhudza dothi ndi womanga ndi mabawuti, ndipo pa zikhasu zambiri umatembenuzika. Utembenuzeni usanadyeke kufika pa thupi la chikhasu. Musauwotcherere kuti ukhale chimodzi ndi thupilo, chifukwa chitsulo chake ncholimba kwambiri, chimang'ambika ndi moto. Ngati chida chanu chili ndi bawuti imene anaiika dala kuti iziduka chikagunda chinthu, ikaduka bwezeranipo ya mtundu womwewo, mukuwerenga nambala ya pamutu pake. Kuikapo yolimba ya 10.9 pamene panali yofewa ndi kupulumutsa bawuti yotchipa nkupha chitsulo chodula.

Chonde, pochita zonsezi munthu asalowe kapena kuika phazi pansi pa chikhasu chimene changolenjekeka ndi hayidiroliki. Chitsitseni pansi kapena muchitchinjirize ndi zipika zolimba, injini muzimitse.

Kugula china kuganizireni pokhapokha ngati chitsulo chachikulucho chapotoka mozungulira, kapena pamene chikhasu chimazungulirapo pang'ambika mbali zingapo. Musanamangirire chokonzedwacho, ikani mikono iwiri ya thirakitala pafupi muyerekeze ngati ili yofanana, muonenso mabawuti a pamene imagwirira pa ekiselo. Ngati umodzi unapindika tsiku la chitsa lija, chikhasu chizikhala chopendekeka, ndipo mng'alu udzayambiranso mbali yomweyo.