Funsani za Gofu: Ndodo Zoyenera Woyamba Kumene

Akonzi, ndili ndi zaka 58 ndipo ndayamba kumene kusewera gofu kuno ku Nchalo. Alamu anga anandisiyira ndodo zawo zachitsulo, koma mpira sukwera m'mwamba, umangoyenda chapansipansi n'kukhotera kumanja. Vuto ndi ine kapena ndodozi?
Bambo wa ku Nchalo

Bambo, kusazolowera kulipo ndithu, koma zizindikiro ziwiri mwatchulazi zikuloza ku mpini wouma komanso wolemera kuposa mphamvu zanu. Yang'anani pa mpinipo, mupeza chilembo: L, A, R, S kapena X. L ndi wofewa kwambiri, X ndi wouma gwa. Mpini umayenera kupindika pang'ono mukamatsitsa ndodo, n'kuwongoka mutu ukamafika pa mpira. Munthu womenya mofatsa sangaupinde mpini wa S, choncho mutu umafika utayang'ana kumanja, mpira n'kulowera komweko.

Dziyeseni chonchi. Menyani mipira 10 ndi driver, ndodo yaitali ya mutu waukulu yomenyera kutali, mnzanu aime patali chammbali n'kumaona pomwe ukutera. Ukamatera usanakwane mamita 180, tengani mpini wa A. Pakati pa mamita 180 ndi 210, wa R ukwanira. Muwerengere pomwe mpira watera, osati pomwe waima, chifukwa m'chilimwe nthaka ya kuchigwa kuno imauma ngati njerwa, mpira n'kugudubuzika mtunda wautali, munthu n'kumadziona ngati wamphamvu.

Pa kulemera, mipini yachitsulo ya ma iron, ndodo za manambala za mutu wachitsulo, imalemera magalamu 95 mpaka 130, pomwe yopepuka ya graphite, yopangidwa ndi ulusi wakuda wolimba, ili pakati pa 50 ndi 80. Kusiyanaku kumamveka m'mapewa masewera akamapita kumapeto, dzuwa litaswa mtengo. Koma musathamangire yopepukitsitsa. Ndodo ikapepuka mopyola muyeso simumva komwe mutu uli, manja amafulumira, mpira n'kuyamba kukhotera kumanzere. Zili ngati khasu: lolemera kwambiri limatopetsa, lopepuka kwambiri sililowa m'nthaka bwino.

Kenako tembenuzani mutu wa iron muone kumbuyo. Ukakhala wopyapyala ndi wosalala, imeneyo ndi blade, ndodo ya akatswiri, yosakhululuka mukaphonya pakati. Inu funani yokumbika kumbuyo, ya cavity back. Chitsulo chake anachikankhira m'mphepete ndi pansi, ndiye ngakhale mpira ugunde chakunsonga, mutu supotoka kwambiri ndipo mpira umakwerabe. Driver ikhale ya mutu waukulu wa 460cc, ya nkhope yopendekeka madigiri 12 kapena 13. Ya madigiri 9 isiyireni anyamata amphamvu. Ma iron a nambala 3, 4 ndi 5 achotseni m'chikwama, m'malo mwake muike hybrid, ndodo ya mutu wonenepako yokweza mpira mosavuta.

Akonzi, ndikufuna kuyamba gofu koma ndalama ndi zochepa. Kodi n'kofunika kugula ndodo zonse 14? Nanga zakaunjika zili bwino? Amuna anga akuti angondidulira zawo zakale.
Mayi wa ku Ngabu

Mayi, 14 ndi malire amene malamulo a gofu amalola, si chiwerengero chokakamiza. Zisanu ndi ziwiri zikukwanirani chaka chonse choyamba: 5-wood (yofanana ndi driver koma ya mutu wocheperako), hybrid imodzi, ma iron a 7 ndi 9, pitching wedge (yomenyera pafupi), sand wedge (yotulutsira mpira mumchenga) ndi putter (yogudubuzira mpira kudzenje). Driver idikire kaye. Kwa womenya mofatsa, iron ya 6 ndi ya 7 zimasiyana mamita ochepa chabe, ndiye kugula zonse n'kuwononga ndalama.

Zodula ndodo za bambowo sitikulimbikitsani. Mpini ukafupikitsidwa umaumirako, mutu umamveka wopepuka m'manja, ndipo labala yogwirira imakhala yonenepa kwa dzanja lanu. Funani za mpini wa L. Ngati ndinu wamtali ndi wamphamvu, wa A ukhoza kukuyenerani, chilembocho sichiyang'ana kuti ndinu mayi kapena bambo.

Zakaunjika n'zabwino, bola muziyendere ndi maso ndi manja. Yendetsani chala pa mpini wa graphite, makamaka pomwe umakhulana ndi kukamwa kwa chikwama: utoto ukaperepeseka mpaka ulusi wakuda kuonekera, usiyeni, uthyoka. Wachitsulo muuone dzimbiri, kenako muugudubuze patebulo kuti mudziwe ngati uli wowongoka. Gwirani mutu ndi dzanja limodzi, mpini ndi linalo, n'kupotoza pang'ono. Pakamveka kugwedera, guluu watha. Timizere ta pankhope ya wedge tikodole chikhadabo. Labala yoterera isakubwezeni, imasinthika mosavuta, ingopemphani kuti atsitseko mtengo. Funsani kwa osewera akale ndi ma caddie, onyamulira osewera zikwama, ku Nchalo konko kapena ku Blantyre Sports Club ndi Limbe Country Club, ndi amene amadziwa yemwe akugulitsa. Musalipire musanamenyeko mipira ingapo.

Chinanso chokhudza kuno kwathu: pansi pa sand wedge pali kachidendene kotchedwa bounce. Ka madigiri 12 kapena kuposa n'kabwino mumchenga wofewa, koma pa nthaka youma kamadumpha, mpeni wa ndodo n'kugunda mpira pamimba. Pamalo olimba gwiritsani pitching wedge.

Akonzi, mutu wa iron yanga unazuka n'kuuluka ndikumenya. Ndodozi ndimazisunga m'buti ya galimoto.
Wowerenga wa ku Bangula

Achimwene, chayambitsa ndi butiyo. Mutu ndi mpini amazilumikiza ndi guluu wa epoxy, ndipo amafooka akamaphikidwa ndi kutentha tsiku ndi tsiku. Mu Okutobala ndi Novembala kuchigwa kuno kumafika madigiri 40, m'galimoto yotseka n'kuposa pamenepo. Labala nayo imauma n'kuyamba kung'aluka. Ndodo zizigona m'nyumba, pamthunzi.

Yozukayo ikonzeka. Palani guluu wakale yense kunsonga ya mpini ndi m'bowo la mutu, pukutani ndi spiriti, pakani epoxy wochedwa kuuma, lowetsani mpini mpaka ufike pansi, muiimike maola 24 musanaimenyere. Super glue ayi, amathetheka pa kumenya koyamba. Ndodo zotsalazo muziyese zonse, chifukwa zinaphikidwira limodzi: mukaona kampata pakati pa mutu ndi kamphete kakuda ka pamwamba pake, kapena mutu ukugwedera, ikonzeni isanavulaze munthu.